Za Aphunzitsi Athu Amene Mwapeza Kuti Sadziwa Chingerezi

Kwa Bwana Mkulu Woyesa Ubwino wa Maphunziro,
Ofesi ya Maphunziro ya Dera Lathu,
Chipinda cham'mwamba chija chokhala ndi kapeti.

Wolemekezeka Bwana Dokotala,

Ndayamba ndagwada kaye, ngakhale simukundiona. Dzina langa ndine Maren Tuckfield, ndili ndi zaka 15, ndili giredi 10. Simundidziwa, koma musadandaule, ngakhale a m'kalasi mwanga ena sandidziwa. Ndine uja amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, uja aphunzitsi akamuloza nkhope imafiira ngati tomato. Koma chaka chino ndalowa kagulu kolemba nyuzipepala ya kusukulu, ndiye ndatulukira chinthu, Bwana: papepala munthu sachita chibwibwi! Papepala mawu amangobwera okha! Ndiye mundikhululukire ngati ndikuthamanga kwambiri, ndili ngati thole loti alitsegulira khola m'mawa. Ndipo akonzi a nyuzipepala ya m'tauni mwathu muno avomera kuti aisindikiza kalatayi. Ine! Dzina langa!

Ndalemba kuti ndikuthokozeni. Ndawerenga lipoti lanu lonse, masamba 41, lonena za kalasi ya Chisipanishi ya pa sukulu ya pulaimale ya Larkspur Hollow. Ndi pamene ndinaphunzira ine, ndipo pano pali mng'ono wanga Posy, wa zaka 7, giredi 2. Ndaliwerenga kawiri, kachiwiriko ndili ndi pensulo. Ndamva bwinobwino kuti Lachinayi likubwerali bodi ya maphunziro ivota pa zimene mwapempha: kuti aphunzitsi athu a Maestra Urrutia (Maestra ndi mphunzitsi m'Chisipanishi) achotsedwe m'kalasi kumapeto kwa Malichi, apite kukaphunzira Chingerezi cha oyamba kumene, ndipo m'malo mwawo ana apatsidwe matabuleti, timakompyuta ta m'manja tija. Ndiye ndati ndisachedwe, zikomo wanga afike voti isanachitike.

Choyamba, zikomo chifukwa cha changu. Tsamba 3 likuti munalowa m'kalasi 10:08 n'kutuluka 10:30. Mphindi 22! Ife banja lathu takhala ndi aphunzitsi amenewa zaka zisanu ndi zinayi koma tikuwaphunzirabe, inu mphindi 22 mwawatha, mwawapinda, mwawaika mu envelopu. Adadi, amene amakonza magalimoto, akuti iwo kusintha mateyala anayi kumawatengera nthawi yoposa pamenepo, chonsecho teyala silikhala ndi ana 26. Koma adadiwo alibe udokotala wa zamaphunziro ngati inu, musawamvere.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye ndaimirira ndikuwomba m'manja, zikomo chifukwa cha zimene mwatulukira pa tsamba 9: kuti a Maestra Urrutia samva Chingerezi ngakhale liwu limodzi. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kanu Bwana kameta ndi khutu lomwe.

Mundilole ndifotokoze kanthu kakang'ono, kopanda pake, koti munthu wotanganidwa sangakhale ndi nthawi yofunsa. Pa sukulu yathu ana amaphunzira theka la tsiku m'Chingerezi kwa mphunzitsi wina, theka linalo masamu ndi sayansi m'Chisipanishi kwa a Maestra. Pakhomo la kalasi ya a Maestra pali tepi yofiira yomata pansi. Munaidumpha, mwina munaiyesa yokongoletsa. Ukadumpha tepi imeneyo, Chingerezi chimatsala panja ngati nsapato zamatope. Ndipo aphunzitsi a m'chipinda chimenecho salankhula Chingerezi pamaso pa mwana. Osati m'kalasi mokha ayi. Pa basi, pabwalo, mu golosale, ku mpira, kulikonse kumene kuli khutu la mwana wa sukulu yathu, iwo Chingerezi sachidziwa, basi. Kholo lililonse limauzidwa zimenezi pa msonkhano woyamba, mwana atangopeza malo m'kalasimo pa mayere, ndipo limalonjeza kusunga pakamwa. Kholo likafuna kulankhula nawo, iwo amaloza chitseko ndi manja awiri, kutanthauza kuti tiyeni mukolido, titseke chitseko, tikambirane.

Ndiye inu munalowa, n'kuwapatsa moni m'Chingerezi. Anakuyankhani m'Chisipanishi akumwetulira. Munabwereza mokweza. Anamwetuliranso. Munabwereza kachitatu pang'onopang'ono, Posy akuti ngati mmene amalankhulira agogo ndi galu wawo wogontha. Pamenepo a Maestra anakulozerani chitseko ndi manja awiri. Ndipo inu munalemba, tsamba 10, kuti mphunzitsiyu atasowa choyankha anayesa kukuthamangitsani m'kalasi. Eee, Bwana! Ndinaseka mpaka mkaka unatulukira m'mphuno, kenako ndinasiya kuseka.

Musachite manyazi, inenso ananditola. Zaka zisanu zathunthu ndinkakhulupirira! Ndinadziwa ndili giredi 5, tsiku Loweruka, ndili ku galaja kwa adadi ndikulemba homuweki kuseri kwa mulu wa mateyala. Ndinangomva mayi wina akulowa akukalipira adadi m'Chingerezi cha kumidzi ya ku Idaho, chija chokoka ngati chingamu: "A Merrill, galimotoyi ikulira ngati nkhumba yomangidwa, ndipo musandiuze kuti n'kuzizira, munandiuza zomwezo chaka chatha!" Ndinasuzumira. Anali a Maestra! Pensulo inagwa. Maso athu anakumana, iwo osaphethira n'komwe, anangotembenuza lilime n'kundifunsa m'Chisipanishi ngati ndamaliza masamu a Lolemba. Ndinayankha kuti eya. Ndinalira njira yonse yobwerera kunyumba, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo adadi akuwongolera anangoti, "Iwe, zimene wamvazo wamvera m'tulo. Ukadzangomuuza mng'ono wako, udzayenda wapansi mpaka udzakwatiwe." Nthawi imeneyo Posy anali asanasiye matewera.

A Maestra anabadwira ku Nampa, tauni ya ku Idaho, Bwana. Makolo awo ankagwira ntchito m'minda ya anyezi. Sukulu yonse anaphunzira m'Chingerezi mpaka ku yunivesite, ndipo mapepala ake ali mu fayilo yawo, mu ofesi yanu, ndikuganiza kuti kabati yachiwiri kapena yachitatu kuchokera pamene mumakhala. Koma ndikumvetsa, kabati imafuna kuwerama.

Ndisanaiwale: makolo amene mukuwerenga kalatayi, mukamaliza chonde yalani nyuzipepalayi m'bokosi lodzithandiziramo mphaka kapena kolezerani moto, ana asaione. Ngakhale malinga ndi lipotili ana athu sadziwa kuwerenga, ndiye mwina palibe choopa.

Chachitatu, zikomo polemekeza banja lathu. Tsamba 11 likuti zimene munapezazo zinatsimikizidwa ndi mboni yodalirika ya m'kalasi momwemo. Mboniyo ndi Posy! Mng'ono wanga, amene amakhulupirira kuti mano ake akaguluka kumabwera kamngelo kudzawagula, walowa mu lipoti la boma! Akuti ataona kuti mukukuwa, anakweza mkono n'kunena kuti, "Abambo inu, musawavutitse, samamva. Uzani ine, ndiwauza." Inu munafunsa kalasi yonse ngati n'zoona, ana 26 onse anavomera chamtima umodzi, wina n'kuwonjezera kuti ngakhale liwu loti pitsa salidziwa. Ndiye munalemba kuti umboni ndi wa anthu 26 mwa 26. Ku kagulu kathu ka nyuzipepala amatiuza kuti nkhani uzifunsa mbali zonse, koma ife ndi ana asukulu chabe, sitinafike pa njira zapamwambazi. Aphunzitsi a Chingerezi anali chipinda chotsatira, khoma limodzi. Ahedi anali mu ofesi akukudikirani ndi khofi ndi madonasi. Safunsa anadya phula, koma inu simunadye n'donasi lomwe, munali mutanyamuka.

Chachinayi ndi cha nyemba. Munaona timakapu pawindo, muli nyemba zomera, ndiye munaitana ana asanu n'kuwafunsa m'Chingerezi mayina a ziwalo za mbewu. Tsamba 17: ana asanu, ziro, ziro, ziro, ziro, ziro, mayankho osamveka. Bwana, ndinamufunsa Posy kuti anayankha chiyani. Anaima pa mpando wa kukhitchini n'kundiuza zonse, muzu, tsinde, tsamba, mmene madzi amakwerera, chifukwa chake kambewu kamapendekera kuwindo, ndi chifukwa chake ka mnzake Oaklyn kanafa, anakathirira juwisi. Mphindi zinayi osapuma, m'Chisipanishi, m'chinenero chimene anaphunzirira. Sindikukutsutsani ayi, mayankho analidi osamveka. Kungoti pepala lanu lilibe malo olembapo kuti osamveka kwa ndani.

Chachisanu, phokoso. Apa mwalemba zoona zokhazokha, sindingawaikire kumbuyo. M'kalasi muja muli phokoso ngati pa msika. Ana amalankhula awiriawiri, amatsutsana, amaimba kuwerengera, wina amakhala akulira chifukwa mnzake wamutchula kuti kamba, ndipo amalira m'Chisipanishi. Inu mwayamikira sukulu ina ya kutsidya kwa msewu waukulu, kumene mwana aliyense amakhala ndi tabuleti ndi mahedifoni, kalasi yonse ili zii, mwaipatsa nyenyezi zisanu. Msuweni wanga amaphunzira kumeneko, chaka chachitatu tsopano. Amadziwa kunena kuti "njovu yamwa mkaka." Amanena bwino kwambiri, sindinama. Tikungodikira tsiku loti tidzakumane ndi njovu.

Pali tsamba linanso lonena kuti makolo a kalasi yathu satha kuthandiza ana homuweki. Adadi avomera mlandu. Akuti chiyambire giredi 1 iwo ntchito yawo ndi kusongola mapensulo ndi kugwedeza mutu. Koma ku galaja kukabwera munthu wolankhula Chisipanishi chokha, amaimba foni kunyumba: "Mpatseni foni dona wamng'onoyo, kuno zavuta." Ndipo Posy, miyendo ikulendewera pa mpando, amafotokozera bambo wa ndevu kuti mabuleki ake atha. Zimenezi sindinazione pa tsamba lililonse, mwina zinasowa bokosi lochongapo.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo ichi ndimachikonda kuposa zonse, zikomo chifukwa cha kusamala kwa ofesi yanu. Lipoti litatuluka, ahedi anakulemberani kalata yofotokoza zonse. Kunabwera yankho la makina loti lipoti likasindikizidwa silisinthidwa. Kenako a Maestra eni ake, ana atapita, anatseka chitseko n'kukuimbirani foni. Analankhula ndi alembi anu mphindi khumi, m'Chingerezi. Ndipo pa kapepala kowonjezera kamene mwaika kumapeto kwa lipoti mwalemba kuti kunaimba mayi wina wa Chingerezi chabwino kwambiri wodzitcha Urrutia, ndipo n'kutheka kuti mphunzitsiyu anatuma mnansi. Bwana! Ndinawerengera amayi, amayi anakhala pansi m'khitchini, pansi penipeni, supuni ili m'manja. Munthu akalankhula Chisipanishi ndiye kuti sadziwa Chingerezi, akalankhula Chingerezi ndiye kuti si iyeyo. Khomo lotulukira mwalitseka bwino, ngakhale mbewa singadutse. Nzeru zotere ine ndikadzakula ndikuzifuna.

Tsopano ndipume kaye, chifukwa pali chinthu chimene sindikutha kuchiseka, ndayesa.

A Maestra mwawachitira chifundo, mwati ngati Chingerezi amachidziwadi, abwere Lachinayi adzaime pa maikolofoni pamaso pa bodi ndi anthu onse, adzalankhule. N'zosavuta, eti? Koma pa pologalamu ya msonkhano womwewo, imene ofesi yanu yomweyo inakonza, kalasi yoitanidwa kudzaimba nyimbo yotsegulira ndi giredi 2 ya ku Larkspur Hollow. Ana 26 aja adzakhala kutsogolo atavala malaya oyera, ndipo makolo awo sadzachoka voti isanathe. A Maestra auza ahedi kuti pamaso pa anawo sadzalankhula. Amayi anapita kukawachonderera mukolido, chitseko chotseka, ndipo akuti anangoyankha kuti, "Mayi ake Posy, ndikangotsegula pakamwa kamodzi, Lachisanu palibe mwana adzavutike kundifunafunira mawu. Adzangoti, tiuzeni m'Chingerezi, tikudziwa mumatha."

Mwina mukuona ngati ndi makani chabe, kapena sewero. Ndiye ndikuuzeni za ine, ngakhale apa nkhope yayamba kufiira ndi papepala pomwe. Ndili wamng'ono sindinkalankhula kusukulu. Kunyumba ndinkalankhula, koma kusukulu pakamwa pankangouma. Anandipititsa kwa akatswiri awiri, anandionetsa zithunzi, ine duu. Tsiku lina m'kalasi mwa a Maestra munalowa munthu wokonza magetsi, n'kufunsa m'Chingerezi kumene kuli switchi yaikulu. A Maestra anatambasula manja, nkhope yomvetsa chisoni, n'kutiyang'ana ife ngati munthu wotayika pa siteshoni. Palibe anayankha. Ine mumtima ndinati, koma mayi awa ali okhaokha m'dziko lino, palibe wowamva, ngati ine ndemwe. Ndinaimirira n'kuwauza a Maestra m'Chisipanishi chothyokathyoka mawu atatu. Anandigwira mapewa ngati ndawapulumutsa m'madzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalankhula nawo tsiku lililonse, osati kuti ndikhoze mayeso ayi, koma kuti asasungulumwe. Ndi mmene zimagwirira ntchito, Bwana. Mwana savutikira chinenero chifukwa cha nyenyezi za pa tabuleti. Amavutikira chifukwa pali munthu amene akumufuna ndipo njira ina yomufikira palibe.

Posy nayenso ali ndi chinsinsi chake, anandiuza nditalumbira, ndiye pano ndikuswa lumbiro m'nyuzipepala, andikhululukire akadzakula. Chiyambire Seputembala, nthawi yopuma amatsalira m'kalasi n'kumawaphunzitsa a Maestra Chingerezi, liwu limodzi patsiku. Ali ndi kakope kake. A Maestra amayesa, amalakwitsa, Posy amawauza kuti osadandaula, mawa tidzayesanso. Ndiye sabata yatha anamva ana a giredi 5 akunena pa basi kuti a Maestra akuchotsedwa chifukwa cha Chingerezi. Anafika kunyumba osavula jekete, anakhala pa masitepe chipale chofewa cha pa jeketeyo chikusungunukira pansi, n'kundifunsa kuti, "Maren, ndi chifukwa cha ine eti? Sindinawaphunzitse bwino. Komanso ndine ndinawauza abambo aja." Kakope kaja anakataya mu bini, ndinakatola ine. Masiku atatu tsopano chakudya chake cha kusukulu chikubwerera chosatsegula.

Ndiye ine ndili pakati, Bwana. Ndikamuuza zoona, ndamulanda aphunzitsi ake amene amawadziwa. Ndikapanda kumuuza, akhala akuganiza kuti anawachotsetsa ntchito ndi iyeyo. Ndili ndi zaka 15, nkhani imeneyi yandikulira. Inu ndi amene muli ndi kapeti.

Choncho ndagwadanso, mawondo onse awiri, ndi timapempho tiwiri tating'ono.

Loyamba: Lachinayi, anthu asanakhale pansi, mutuluke nawo a Maestra Urrutia mukolido, mutseke chitseko, muwafunse funso lililonse limene mukufuna, lovuta kwambiri, la m'buku lanu la udokotala. Sizidutsa mphindi ziwiri. Mukatero mulowe mukauze bodi zimene mwamva, motsitsa mawu, ana asamve. Sindikupempha kuti mupepese ayi, ndikudziwa kuti pa msinkhu wanu zimapweteka msana. Mungonena kuti kwapezeka umboni watsopano. Tonse tidzagwedeza mitu ngati sitikudziwa kanthu, m'tauni muno luso limenelo tili nalo, takhala tikuyeserera zaka zambiri.

Lachiwiri: mmawa wa tsiku lomwelo, mubwerenso ku Larkspur Hollow, koma tabuleti yanu muisiye m'galimoto. Ndafunsa kwa ahedi, akuti mpando ulipo, wabuluu, waufupi pang'ono koma wolimba. Mukhale kuyambira belu loyamba mpaka nthawi ya nkhomaliro. Akhala akuphunzira kuchotsera kobwereka, ndipo aliyense amafunsidwa, ngakhale wokhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Mukafuna madzi mudzapempha m'Chisipanishi, mukafuna kuchimbudzi chimodzimodzi. Posy ndamufunsa ngati angakhale nanu pafupi. Anandiyankha kuti, "Chabwino, koma asamakuwe."

Ndipo musaope, Bwana Dokotala. Mukakhala maola atatu osamva kanthu, mukafunsidwa n'kungoti kakasi, mukayankha zosamveka, ana a m'chipinda chimenecho sakulemberani ziro, ndipo sapempha kuti muchotsedwe. Iwo anaphunzitsidwa kuti munthu wotero sikuti ndi mbuli ayi. Amangoti ndi tsiku lake loyamba.

Ine wanu wamng'ono kwambiri, amene mukadzandipatsa moni Lachinayi mwina sindidzatha kuyankha,

Maren Tuckfield
Giredi 10